Bambo Akufuna ku Kerkennah

Marseille, 17 Okutobala 1993

Okondedwa achemwali Naziha,

Mtendere ukhale nanu. Kuno tili bwino, kungoti mlamu wanu Jalila sakufunanso fungo la anyezi m'nyumba, ndiye ine ndikudya ngati munthu wosakwatira. Adokotala akuti mwana abadwa mu Epulo, ndipo amuletsa maulendo. Choncho pa Idi, mu Malichi, ndibwera ndekha.

Bambo ali bwanji? Mawondo aja akuwavutabe? Mundiuze zoona, osati zija mumalemba zoti tonse tili bwino.

Nkhani yanga ndi iyi. Chimwalirireni amayi, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, bambo sanatulukeko mu El Kef, kupatula ukwati uja wa ku Sfax mu Ogasiti, ndi kupita ku damu la Mellegue kukawedza tinsomba tawo tonunkha matope. Ine ndagula ndodo ziwiri zowedzera, zazitali moti zinakanika kulowa m'chikepe cha pamdadada wathu, ndinakwera nazo masitepe. Ndikufuna ndiwatengere kunyanja yeniyeni, yamchere, akakoke nsomba yoti akamaifotokoza kunyumba ya khofi anzawo aziti akunama. Inunso mupita nawo, ana anu a sukulu adzakhala pa tchuthi.

Vuto ndi kusankha malo. Mnzanga amene timayendetsa naye mabasi kwawo ndi ku Tabarka, ndipo akuti nsomba za m'matanthwe kumeneko zimakula ngati mwana wa ng'ombe. Kulinso linga lakale lija pamwamba pa phiri, nkhalango yotsika mpaka m'madzi, komanso si kutali ndi kwathu. Jalila akuti Djerba, koma poti iye sakupita, mawu ake ndawaponya m'nyanja. Wina akuti Mahdia. Inu mukuti bwanji?

Bambo muwafunse mwanzeru. Musawauze kuti ndi mphatso, mukudziwa amakana chilichonse chooneka ngati chifundo.

Ine mlongo wanu,
Taoufik


El Kef, 6 Novembala 1993

Wokondedwa Taoufik,

Nawenso mtendere. Kalata yako yafika mochedwa, mwina inabwera wapansi. Jalila umuuze kuti anyezi si mdani, mdani ndi mwamuna amene sadziwa kuphika china.

Ine Tabarka ndailandira ndi manja awiri. Zaka zonsezi ndimajambula linga limenelo pa bolodi, ana n'kumakopera, koma ine mwini sindinaliponde. Ndinali nditayamba kale kuganiza za chipewa.

Koma tamva za bambo ako. Ndinawafunsa tikudya, mwanzeru monga unanenera. Ndinati, "Bambo, munthu atafuna kukawedza kunyanja, angapite kuti?"

Sanaganize n'komwe. Anati, "Ku Kerkennah."

"Nanga Tabarka?"

"Mu Malichi kumagwa mvula ngati kumwamba kwabooka."

"Mahdia?"

"Kuli manda ambiri."

Ndinati, "Bambo, ku Kerkennah kuli chiyani? Zilumba zosalala ngati mbale, kanjedza wofota, madzi ofika m'mawondo. Akuti munthu amayenda mpaka kutopa asananyowetse lamba."

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe unapitako?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye idya."

Ndi zimenezotu. Tsiku lonse pa galimoto mpaka ku Sfax, kenako sitima ya pamadzi. Amene anawaika malo amenewo m'mutu sindikumudziwa.

Za mawondo, akuti apola. Masiku ano m'mawa uliwonse akumayenda mpaka kumtunda kwa tauni n'kubwerera, ngakhale kuzizira kwa kuno ukukudziwa. Makrudi asiya, iwo amene timakeke timeneto ankatibisa m'thumba la jekete mpaka nyerere zinkawatsatira ku mzikiti. Ndikuona ngati achepa thupi pang'ono, koma akudya.

Uwalembere wekha. Mwina iwe wa kunja akumvera.

Mchemwali wako,
Naziha


El Kef, 12 Disembala 1993

Mwana wanga Taoufik,

Mulungu akusunge iwe ndi a m'nyumba mwako. Mpongozi wanga umupatse moni, ndipo usamamukwiyitse, mwana angabadwe ndi tsinya ngati lako.

Kalata yako ndalandira, pamodzi ndi chithunzi cha Tabarka chimene unadula m'magazini. N'chokongola. Ndachipinda n'kuchiika pansi pa mwendo wa tebulo umene umagwedera uja, chathandiza kwambiri.

Ndathokoza chifukwa cha ndodo. Koma ine ndakalamba pa ntchito ya njanji, ndipo sitima sindinaionepo ikupita kwina chifukwa choti n'kokongola. Imapita kumene ili ndi chochita. Ine chochita changa chili ku Kerkennah. Nsomba ziliko. Anthu ake amazika masamba a kanjedza m'madzi, mpanda wautali, nsomba n'kumautsatira mpaka kulowa zokha mu mono. Amamizanso miphika yadothi pa chingwe, karnit, nyama ija ya m'nyanja yopanda mafupa, n'kulowamo ndi miyendo yake yonse isanu ndi itatu, kuganiza kuti wapeza nyumba yaulere. Ngati ukufuna zoona ndi maso, ndi zimenezo. Makoma akugwa tili nawo kuno.

Palinso nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni awiri inu muli pamodzi, maso ndi maso. Si ya m'kalata. Ndakhala nayo kanthawi, ndipo pa msinkhu wangawu munthu sazengereza. Ubwere ndithu mu Malichi, usasinthe ngati muja unachitira mu Ogasiti. Ubwerenso ndi suti yako yabwino ija.

Mchemwali wako usamuuze zimenezi. Amada nkhawa ngakhale mphaka akayetsemula.

Bambo ako,
Bechir


Marseille, 15 Disembala 1993

Achemwali,

Moni wa kuno. Jalila wayambanso kudya, tsopano vuto ndi loti sakusiya.

Bambo ndinawalembera kalekale, ndinaikamo ndi chithunzi, koma mpaka lero kuli zii. Ndikudziwa chimene akuchita. Akundilanga chifukwa sindinabwere mu Ogasiti, ngati kuti tchuthi ndimadzipatsa ndekha. Munthu ndagula ndodo zoponyera kutali, iwo akufuna akandiimike m'madzi ofika m'mawondo ngati kakowa.

Ndiye ndachita zanga. Mnzanga uja ali ndi amalume ake ku Tabarka, nyumba yoyang'anana ndi doko, ndi boti la injini. Ndavomera. Bambo tidzawakweza m'galimoto, adzagona monga amachitira, akamadzadzuka tili kale m'nkhalango. Akadzaona nsomba yoyamba adzaiwala zilumba zawozo.

Inu gulani chipewa chanu. Ndipo mundilembere nkhani za kumeneko, kalata zanu zimafupika ngati masiku a mwezi uno.

Taoufik


El Kef, 6 Januwale 1994

Taoufik,

Moni ndikupatsa, koma mtima wanga suli m'malo. Za Tabarka ziike kaye pambali, uwerenge bwino.

Bambo apita ku Sfax kawiri, okha. Ulendo woyamba anati akukaona a Hedi, anzawo a kunjanji aja. Wachiwiri anangoti, "Ndibwera mawa," basi. Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti amalowa m'kanyumba ka telefoni pafupi ndi positi, n'kukhalamo mpaka anthu a pamzere kuyamba kugogoda galasi. Ndinawaona ndi maso anga akutuluka akupukuta misozi.

Mathalauza awo onse ndawabweza m'chiuno. Shuga asiya, fodya asiya. Dzana ndinawapeza pa galasi akupaka ndevu zapamlomo mankhwala akuda. Atandiona anati, "Munthu azioneka wamoyo." Sabata yatha anaitana mmisiri kudzakonza denga ndi chitseko cha kuseri, akuti, "Kuti usadzavutike ndikadzachoka." Ndinafunsa kuti mukupita kuti. Anati, "Aliyense amapita kwinakwake, mwana wanga."

Taoufik, ku Sfax munthu wa msinkhu wawo angatsatire chiyani china kupatula zipatala zikuluzikulu zija? Amayi anayambanso chonchi, kuonda ndi kubisa. Ndikuganiza kuti Kerkennah aisankha chifukwa ili pafupi ndi adokotala awo, sakufuna kutalikira.

Chimene chikundiopsa kwambiri n'choti akuimba. M'bafa, pakhonde, pothirira maluwa, nyimbo zakale zimene sindinazimvenso chichokereni amayi. Ndinamva kuti ena amatero akavomereza mumtima.

Sindinawafunse. Ndikuopa yankho lake. Ndilembere msanga.

Naziha


Marseille, 18 Januwale 1994

Achemwali anga,

Makalata awiri afika tsiku limodzi: yanu, ndi ya bambo imene analemba mu Disembala. Inasochera kumdadada wina, mayi wina wachita kundibweretsera. Ndinayamba ndi ya bambo, ndinaseka. Nditawerenga yanu ndinabwerera ku yawo, sindinasekenso.

Anati ndisakuuzeni, koma ndikuuzani. Alemba kuti ali ndi nkhani yoti atiuze tili pamodzi, si ya m'kalata, ndipo pa msinkhu wawo munthu sazengereza. Akuti ndibwere ndi suti. Ndinakhala pa masitepe ndi makalatawo m'manja mpaka Jalila anatsika kudzanditenga.

Tabarka ndaikana. Ndikuchita manyazi ndi zimene ndinalemba zija. Tipita ku Kerkennah, ndipo akafuna kuti ndiime m'madzi tsiku lonse, ndiima. Musawafunse kanthu, asiyeni adzanene okha pamalo amene asankhawo. Muziwaphikira zimene amakonda, ngakhale akane. Ine ndikufufuza kuno za madokotala abwino, mwina nthawi ikadalipo.

Jalila akuti mwana akabadwa wamwamuna, dzina lake ndi Bechir.

Limbani mtima. Ndikubwera.

Taoufik


El Kef, 29 Malichi 1994

Wokondedwa mlamu wanga Jalila,

Mtendere ukhale nawe, ndi amene ukumunyamulayo. Miyendo ikutupabe? Ndikudziwa kuti Taoufik wakuuza kale pa telefoni, koma amuna amapereka mafupa okhaokha a nkhani. Khala pansi, ika miyendo pa mpando, ndikupatse nyama yake.

Tinanyamuka Idi itangodutsa. M'njira monse ine ndi mwamuna wako tinawagwira bambo ngati dzira. Pilo kumsana, bulangete m'miyendo, madzi asanapemphe. Tisanafike n'komwe ku Kairouan anatopa nafe. Anati, "Mwatani inu awiri? Ndikatsokomola mukuyang'anana." Polowa mu Sfax tinadutsa pa chipatala chachikulu, Taoufik n'kuchepetsa liwiro. Anati, "Bambo, tiime pang'ono?" Bambo anati, "Bwanji, ukudwala? Yendetsa, sitima itisiya."

Mu sitima anakaima kutsogolo kwenikweni, jekete latsopano, mphepo ikuwomba. Ine ndi Taoufik tinali kumbuyo kwawo, iye akulira kuseri kwa magalasi akuda, ine ndikumutsina kuti asiye, pamene inenso ndikulira.

Pa doko panali mayi wina wamfupi, wojintcha, wa zaka za m'ma sikisite, nsalu yofiira ya kumeneko ndi chipewa chamlaza, manja okhakhala ngati khungwa. Anawayang'ana bambo kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mwafika. Nanga ndevuzo mwazitani?" Bambo anagwira pakamwa, nkhope yonse psuu. Anati, "Ana anga, awa ndi mayi Chedlia." Ife tinangoti ndi eni nyumba yogonamo. Taoufik anawatengera mayiwo pambali n'kuwafunsa monong'ona ngati pachilumbapo pali chipatala. Iwo anati, "Chilipo. Koma ukuoneka wathanzi, mwina ndi njala chabe."

M'mawa mwake mayi Chedlia anatikweza m'boti lawo la thanga, limene anawasiyira malemu amuna awo. Amaliyendetsa okha. Jalila, madzi amene ndinkawanyoza aja ndi oyera moti umaona udzu wa pansi ukuvina, ndi tinsomba tikuthawa mthunzi wa boti. Mipanda ya kanjedza ili paliponse m'nyanja ngati minda, ndipo banja lililonse limadziwa gawo lake. Mayi Chedlia anayamba kukoka chingwe cha miphika, karnit n'kumatuluka akupinda miyendo. Taoufik anali ataponya mbedza yake kutali, koma maso ali pa bambo.

Kenako bambo anaimirira, n'kukonza jekete. Anati, "Ana anga."

Ndinagwira dzanja la Taoufik. Iye sanapirire. Anati, "Bambo, tikudziwa kale. Musaope. Ku Marseille ndapeza dokotala wabwino, ndikutengani, tikayesa zonse."

Bambo anati, "Dokotala wa chiyani?"

"Wa matenda anu."

Kenako mayi Chedlia anataya chingwe, n'kukhala pansi m'boti, kuseka mpaka chipewa chinagwera m'madzi. Atapeza mpweya anati, "Mwanawe, matenda awo ndine."

Bambo anati, "Zitsiru ziwiri ndinabala ine. Ndikufuna kukwatira mayi awa. Nkhani yake ndi imeneyo."

Mwamuna wako anawalumphira bambo n'kuwakumbatira, boti lonse kupendekeka, ndodo yake n'kutsetsereka, mwayi mayi Chedlia anaiponda ndi phazi. Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndinangouma. Ndinati, "Nanga misozi ya ku telefoni ija?" Bambo anati, "Amandiseketsa." Ndinati, "Kuonda?" Mayi Chedlia anayankha okha kuti, "Ndinawauza kuti boti langa silinyamula mimba." Anakumana pa ukwati uja wa mwana wa a Hedi. Bambo ankatama nsomba za ku damu, mayiwa n'kuwauza pa gulu kuti zimenezo si nsomba, ndi matope okhala ndi maso. Akuti anakangana mpaka mbale zinachotsedwa, ndipo sanasiyebe.

Ndisakunamize, mlamu, ine sindinaseke nawo. Ndinakwiya. Nyengo yonse yozizira ndakhala ndikulirira m'khitchini munthu amene akuimba nyimbo za chikondi. Komanso panali china. Zaka zonsezi ndine ndimadziwa mmene amafunira tiyi wawo, ndine ndinakana ntchito ya ku Tunis kuti asakhale okha. Ndinaganiza za amayi. Pobwerera kumtunda sindinalankhule ndi munthu, ndipo bambo anasiya nthabwala, ankangondiba ndi diso.

Masana ndinakakhala ndekha kuseri kwa nyumba. Mayi Chedlia anali chapafupi, akumenyetsa karnit pa mwala kuti afewe. Anati, "Bwera umenye nawe. Zimathandiza." Ndinapita. Ndinamenya, Jalila, ndinamenya ngati ndi karnit amene anandinamiza. Iwo anangondisiya. Kenako anati, "Bambo ako ndinawauza kuti mwana wamkazi akakana, inenso ndakana. Sindilowa m'nyumba pothyola chitseko. Malo a mayi ako sindikuwafuna. Ndili ndi nyumba yanga, boti langa, ndi gawo langa la nyanja. Chimene ndikusowa ndi munthu wokangana naye pomwa tiyi. Ana anga ali ku Sfax, akabwera amangovomera zilizonse, zimatopetsa."

Ndinati, "Mkonono wawo umamveka kwa aneba."

Anati, "Khutu langa limodzi ndi logontha. Ndizigonera labwinolo."

"Amanama za kukula kwa nsomba."

"Onse amatero. Malemu anagwirapo ina yaikulu kuposa boti."

"Akadwala amakhala ngati khanda."

Apa anasiya kuseka. Anati, "Ndinadwazikapo mwamuna mpaka kumutseka maso. Ndikudziwa chimene ndikutenga. Iwe wachita mbali yako, ndipo wachita bwino, akuoneka. Tandipatsako nane."

Ndinalira, manja ali ndi fungo la karnit, iwo n'kundipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo yonunkha chimodzimodzi. Nditatha ndinati, "Tiyi wawo musamawiritse kwambiri." Anati, "Ndamva." Karnit ameneyo tinamudya ndi kusikusi madzulo, ndipo aliyense anati sanadyepo wofewa choncho.

Suti ija inagwira ntchito tsiku lotsatira. Taoufik ndiye anakhala nkhoswe, kukapempha mkazi kwa a Mokhtar, alongo awo a mayi Chedlia, bambo atakhala pambali manja ali pa mawondo ngati mwana wa sukulu. A Mokhtar anakoka nkhope n'kufunsa kuti, "Mnyamata wanuyu khalidwe lake ndi lotani?" Taoufik anati, "Ndi wamakani, koma samwa, ndipo takhala naye nthawi yaitali." A Mokhtar anati, "Ali ndi ntchito?" Taoufik anati, "Ayi, koma amadzuka m'mawa." Anatipatsa mkazi. Tinawerenga pemphero la Fatiha, akazi a m'mudzi n'kuimba nthungululu. Ukwati aika mu Julaye, kuti iwe ndi mwana mudzakhalepo. Dzina lija ukhoza kuliganiziranso, mwini wake akuligwiritsabe ntchito.

Masiku otsalawo tinawedza, tinayenda. Ananditengera kukaona nsanja yakale ya m'mbali mwa nyanja, ndinatola zigoba zodzaza thumba zoti ndikaonetse ana. Taoufik anagwira nsomba zitatu zabwino ndithu, koma akakuuza kukula kwake uchotseko theka.

Bambo sanabwerere nafe. Atsala kwa a Mokhtar sabata ina, akuti akuphunzira kuluka mono. Anatiperekeza pa doko, anandigwira mutu n'kundipsompsona pamphumi. Sitima itayamba kuyenda ndinaima kumbuyo kuti ndiziwabayibitsa mpaka asowe. Anakweza dzanja kamodzi. Kenako mayi Chedlia anawalozera dengu la nsomba limene linali pansi, bambo n'kuwerama, kulinyamula, kuliika paphewa, n'kumawatsatira pambuyo. Bambo athu, amene chibadwire changa sindinawaonepo akuchotsa kapu pa tebulo.

Taoufik anati, "Achemwali, mukuseka kapena mukulira?"

Ndinati, "Sindikudziwa. Tandipatsa mpango."

Ukangomva zowawa zoyamba, wina aimbe ku sukulu, adzandiitana m'kalasi.

Mlamu wako,
Naziha